Anthu asanu m'nyumba imodzi ku Vermont: mmene Deep Purple inabwererana mu 1984

Anthu akamva kuti gulu loimba lomwe linasweka kalekale labwererana, mawu oyamba kutuluka m'kamwa amakhala akuti ndalama zawathera. Kawirikawiri sakhala akunama. Mu Epulo 1984, pamene zinamveka ku Britain kuti Ritchie Blackmore wa gitala, Ian Gillan woimba mawu, Jon Lord wa limba, Roger Glover wa besi ndi Ian Paice wa ng'oma ayambiranso kuimba limodzi pa dzina la Deep Purple, gulu la nyimbo za rock la ku England, ndalama zinalipo ndithu, ndipo kampani yotulutsa zimbale ya PolyGram inali itakonzeka kuzitulutsa. Zimenezo sinditsutsa. Chimene ndimakana n'chakuti nkhani yonse imathera pomwepo. Ndalama zikhoza kuwalowetsa anthu asanu m'chipinda chimodzi, koma sizingawachititse kumverana akagwira zida. Chimbale chomwe anatulutsa chaka chimenecho, Perfect Strangers, chimamveka kuti oimbawo ankamverana, ngakhale awiri mwa iwo sankamwerana madzi, ndipo ndi chifukwa chake ndimachikonda kuposa zimbale zambiri za magulu obwererana.

Kuti mumvetse kulemera kwa nkhaniyi, yambani ndi mmene anasiyanirana. Asanuwa anakumana mu 1969, pamene Gillan ndi Glover anachoka ku gulu la Episode Six n'kudzalowa m'malo mwa Rod Evans ndi Nick Simper. M'zaka zinayi zokha anatulutsa In Rock mu 1970, Fireball mu 1971, Machine Head ndi Made in Japan mu 1972, kenako Who Do We Think We Are mu 1973. Anthu amenewa sankapuma. Akatsika pa nsanja ku America ankakwera ndege kukajambula, akamaliza kujambula ankabwereranso pamsewu. Kutopa kumeneku n'kumene kunakulitsa chidani cha Gillan ndi Blackmore, mpaka pojambula chimbale chomaliza chija, ku Rome ndi kufupi ndi Frankfurt, awiriwa ankapewana. Gillan analemba kalata yosiya ntchito kumapeto kwa 1972, anapitiriza kuimba mpaka ulendo utatha, ndipo anatsazika ku Osaka pa 29 Juni 1973. Glover sanachoke mwa kufuna kwake. Anamva kuti Blackmore sakumufunanso, ndiye anangonyamuka asanauzidwe kawiri.

Deep Purple inapitirira ndi David Coverdale ndi Glenn Hughes, kenako Blackmore naye anatuluka mu 1975 kukayambitsa Rainbow, Tommy Bolin n'kulowa m'malo mwake. Pofika Malichi 1976 gululi linali litatha, ndipo Bolin anamwalira mu Disembala chaka chomwecho ali ndi zaka 25.

Zaka zotsatirazo palibe amene anakhala manja lende. Gillan anayendetsa magulu ake, kenako anaimba ndi Black Sabbath pa chimbale cha Born Again mu 1983. Lord ndi Paice anapita ku Whitesnake ya Coverdale, ndipo Paice pambuyo pake anakaimbira ng'oma Gary Moore. Glover anasanduka wojambulira anzake nyimbo, ndipo dzanja lake lili pa zimbale za Nazareth, Rory Gallagher ndi Judas Priest. Chodabwitsa n'chakuti Blackmore yemwe uja anamuitana Glover kuti adzalowe Rainbow, ndipo kuyambira pa Down to Earth mu 1979 awiriwa anagwira ntchito limodzi, Glover akuimba besi, akulemba mawu, akuyang'anira zojambula. Mlatho umenewu ndi wofunika. Pakanapanda zaka zimenezo, sipakanakhala munthu woima pakati pa Blackmore ndi Gillan mu 1984, chifukwa Glover anali mnzake wa Gillan kuyambira ali anyamata ku Episode Six, komanso anali ataphunzira kugwira ntchito ndi Blackmore popanda kuphulika.

Dzina la gululi linali lidakali ndi mtengo, ndipo umboni wake ndi wachisoni. Mu 1980 Rod Evans, woimba woyamba uja, anavomera kuyenda ku America ndi Mexico ndi oimba ena pa dzina la Deep Purple. Nkhani inafika kukhoti, anagonja, nalamulidwa kulipira madola oposa 670,000. Kuchokera pamenepo sanaonekenso pa zoimbaimba. Nawonso a Black Sabbath, pa ulendo wawo ndi Gillan, ankaimba "Smoke on the Water" kumapeto kwa phwando. Anthu ankaifunabe Deep Purple.

Komabe dziko la nyimbo linali litasintha. MTV, wailesi ya kanema yoonetsa nyimbo, inayamba mu 1981, ndipo woimba tsopano ankafunika kuoneka bwino pa kanema. Def Leppard inali itagulitsa Pyromania mochuluka zedi, Van Halen inali pamwamba ndi "Jump", Iron Maiden inatulutsa Powerslave, Metallica inatulutsa Ride the Lightning, zonsezi m'zaka za 1983 ndi 1984. Ambiri mwa achinyamata amenewa anakulira pa nyimbo za Deep Purple. Lars Ulrich wa Metallica anawaona akuimba ku Copenhagen mu 1973 ali mwana wa zaka 9. Ndiye akuluakulu asanu oyandikira zaka 40, Lord atazipitirira kale, anali ndi misampha iwiri patsogolo pawo. Akanatha kuthamangira achinyamatawo n'kumveka ngati akubwerekera, kapena kujambulanso Machine Head n'kumveka ngati akudzitsanzira okha.

Anasankha kuyamba n'kubisala. Atakumana ku Greenwich m'boma la Connecticut n'kugwirizana, anapita ku Stowe, tauni yaing'ono ya kumapiri m'boma la Vermont, komwe anthu amapitako nthawi ya chisanu kukatsetsereka pa chipale. Iwo anapitako nyengo yotentha, kulibe alendo ambiri. Anayamba n'kungoimba, osajambula, kuti aone ngati chilipobe chomwe chinalipo kale. Kenako mu Julayi ndi Ogasiti anajambula m'nyumba yotchedwa Horizons, zipangizo zonse zili m'galimoto lalikulu la Le Mobile lomwe linaimikidwa panja, mawaya akulowa m'nyumba. Nick Blagona ndiye anali pa makina, Glover akutsogolera. Ntchito yosakaniza mawu anakaimalizira ku Hamburg, ku Tennessee Tonstudio.

Njira imeneyi sinali yachilendo kwa iwo. Machine Head inajambulidwa chimodzimodzi mu Disembala 1971 ku Montreux, m'khonde la hotela yopanda alendo, pogwiritsa ntchito galimoto la a Rolling Stones, nyumba ya juga yomwe ankafuna kujambuliramo itapsa. Ine ndimaona kuti ankadzidziwa bwino. Deep Purple si gulu loti munthu mmodzi abwere ndi nyimbo yathunthu m'thumba ena n'kumangotsatira. Nyimbo zawo zimabadwa poimba limodzi. Blackmore amaponya kachidutswa pa gitala, Paice n'kukagwira ndi ng'oma, Lord n'kukakuta ndi limba lake, Glover n'kukamanga pansi, ndipo Gillan amabwera pambuyo kudzafuna poika mawu. Zimenezi zimafuna nthawi yosawerengedwa ndi wotchi ya situdiyo, ndiponso malo oti munthu akapsa mtima atuluke panja. Ku Stowe ankasewera mpira wamiyendo, womwe Blackmore amaukonda kwambiri, ndipo kanema wa nyimbo ya "Perfect Strangers" amawaonetsa ali kumeneko. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo pa nkhani ya kaimbidwe zinatero ndithu.

Chimbale chinatuluka kumapeto kwa Okutobala 1984, pa Polydor ku Britain ndi pa Mercury ku America. Nyimbo yoyamba, "Knocking at Your Back Door", imatenga mphindi zisanu ndi ziwiri ndipo siifulumira. Imayamba ndi mawu otsika obwerezabwereza, ngati chinthu chikuyandikira, besi n'kulowa, ng'oma n'kulowa, kenako gulu lonse limagwera pamodzi. Kwa gulu lomwe linali chete zaka zonsezo, kumudikiritsa womvera chonchi pa nyimbo yoyamba ndi kulimba mtima. Mawu ake ndi nthabwala zolaula zokulungidwa mwaluso, mwachizolowezi cha Gillan, ndipo mawailesi a ku America anaiwulutsa kwambiri. Sindiwaikira kumbuyo mawuwo, koma kaimbidwe kake n'kolimba. "Under the Gun" ikunena za nkhondo, ndipo Blackmore amaimba gitala mwaukali, n'kumalizira ndi kachigawo ka nyimbo ya Edward Elgar yomwe Angelezi amaimba ponyadira dziko lawo. Akaiika kumapeto kwa nyimbo yodana ndi nkhondo, tanthauzo lake limatembenuka.

Pa nyimbo ya "Perfect Strangers" ndiye ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ndimamva kuti anthuwa anapeza chinthu chomwe analibe ali anyamata. Imatsegulidwa ndi limba la Hammond lokha, lolira mokalipa. Lord ankadziwika kuyambira kale kuti limba lake ankalilumikiza ku zokuzira mawu za Marshall, zomwe ndi za oimba gitala, kuti lizilimbana ndi Blackmore mofanana mphamvu, ndipo ukali umenewo uli m'masekondi oyamba a nyimboyi. Kenako onse amalowa moyenda pang'onopang'ono, molemera. Paice, yemwe pa "Fireball" ndi pa "Burn" ankathamanga moti khutu limalephera kumutsatira, pano amangogunda molunjika, osakometsera. Gillan safuula ngati pa "Child in Time". Amaimba chapakati, mawu atakhwima, ngati munthu amene akulankhula kuchokera kutali. Chapakati ndi kumapeto pali kachigawo komwe gitala ndi limba zimayendera limodzi, kokhala ndi kakomedwe ka nyimbo za ku Middle East, ndipo mukawerenga kugunda kwake mupeza kuti pena pawonjezeka kumodzi, moti phazi lanu limapunthwa kenako n'kubwerera m'malo. Ambiri amaiyerekeza ndi "Kashmir" ya Led Zeppelin, ndipo chibale chilipo.

Chachikulu n'chakuti m'nyimbo imeneyi Blackmore alibe gawo loimba gitala payekha. Ganizirani kuti ameneyu ndi munthu amene anasiya Deep Purple n'kuyambitsa gulu lomwe poyamba linali ndi dzina lake kutsogolo, amene ankachotsa ndi kulemba oimba ku Rainbow pafupifupi pa chimbale chilichonse. Pa nyimbo yomwe inapereka dzina ku chimbale chobwererana, iye anadziletsa. Anaona kuti nyimboyo yakwana. Anyamata a 1972 sakanatero, chifukwa nthawi imeneyo ulemerero wawo unali mpikisano wa gitala ndi limba, wina akaponya wina n'kubweza, mpaka nyimbo imodzi pa Made in Japan kufika mphindi pafupifupi 20.

Mpikisanowo sunatheretu. Uli mu "A Gypsy's Kiss", nyimbo yothamanga kuposa zonse pa chimbalechi, momwe Lord ndi Blackmore amayendetsa zala limodzi mofanana ndi nyimbo zakale za ku Ulaya zomwe onse awiri ankazikonda. "Wasted Sunsets" ndi yodekha, ya munthu wosungulumwa, ndipo gitala yake imalira mosathamanga. Ndimaiona kuti ndi imodzi mwa malo omwe Blackmore anaimba mokhudza mtima kwambiri m'zaka za m'ma 1980. "Hungry Daze" imayang'ana m'mbuyo, ku masiku a njala ndi maulendo, ndipo imatchulako Montreux. "Mean Streak" ndiyo yofooka. Ndi nyimbo yomwe gulu lililonse lodziwa ntchito likanapanga masana amodzi, ndipo sindinamvepo kanthu mwa iyo komwe kamandiitana kuti ndibwerere. Amene anagula kaseti kapena CD anapezamo "Not Responsible", yomwe pa mbale yakuda ija panalibe. Inenso ndinachimva koyamba pa kaseti, ndipo mpaka lero ndimaiwerenga nyimboyi ngati mbali ya chimbalechi. Palinso "Son of Alerik", ya zida zokhazokha, yomwe inatuluka kuseri kwa kambale ka "Perfect Strangers". Yathunthu ndi ya mphindi khumi, ndipo amene akufuna kumva mmene zinthu zinkamvekera m'nyumba ija anthu akungoimba momasuka, ayambire pamenepo.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa, ndipo chili pa chikuto, pomwe amalemba maina a opeka nyimbo. Kuyambira pa In Rock kufika pa Who Do We Think We Are, nyimbo iliyonse inkalembedwa kuti ndi ya onse asanu. Pa Perfect Strangers, nyimbo imodzi yokha, "Nobody's Home", ndiyo ili ndi maina asanu. Zina zonse zoimbidwa ndi mawu ndi za Blackmore, Gillan ndi Glover. Gillan ndi Glover ankafuna kubwerera ku dongosolo lakale, Blackmore anakana. Izi si nkhani ya ulemu wokha. Dzina likakhala pa nyimbo, mwini wake amalandira kangachepe nthawi iliyonse nyimboyo ikaulutsidwa, ikagulitsidwa kapena ikaimbidwa ndi ena, monga momwe Dream Theater inaimbira "Perfect Strangers" pa chimbale chawo cha 1995. Tsono mverani nyimbo imeneyo, muchotse m'maganizo mwanu limba la Lord, muone chomwe chitsale. Mverani chiyambi cha "Knocking at Your Back Door" muchite chimodzimodzi. Malamulo a umwini wa nyimbo amaona mawu ndi mayendedwe a nyimbo, saona kulira kwa chida, koma pa gulu ngati ili kulira kwa chidako ndi theka la nyimbo.

Ena anganene kuti Blackmore anali ndi mfundo, popeza tizidutswa tambiri toyambira nyimbo tinkachokera pa gitala yake, ndipo ku Rainbow anali atazolowera kuti wopeka ndiye wolembedwa. Ndikumva. Koma mfundo imeneyo imaulula kuti iye anabwerera ngati mwini, pamene ena anabwerera ngati gulu. Woyang'anira zochita za gulu lobwereranali, Bruce Payne, anali yemwe ankayang'anira Rainbow. Wotsogolera kujambula anali Glover, amene anatsogolera zimbale zinayi zomaliza zomwe Rainbow inatulutsa 1984 isanafike. Mukamvetsera bwino, chimbalechi chili ndi ukhondo wa Rainbow ya "I Surrender" ndi "Street of Dreams", nyimbo zokonzedwa bwino, zokhala ndi makolasi ogwira msanga, ng'oma zomveka mokulira monga zinkakondedwera m'zaka zimenezo. Fumbi ndi phokoso la In Rock mulibe, ndipo nthawi zina ndimalisowa. Chomwe chinaletsa kuti chisakhale chimbale china cha Rainbow ndi anthu atatu amene sanachokere ku Rainbow: mawu a Gillan ndi nzeru zake zosayembekezeka polemba, kugwedera kwa ng'oma za Paice, ndi limba lija.

Kuno kwathu okonda nyimbo zoterezi ndife ochepa, koma sitili kutali nazo monga ena amaganizira. Ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, anyamata a Zamrock monga WITCH, Ngozi Family ndi Amanaz ankamvera Jimi Hendrix, Black Sabbath ndi Deep Purple yomweyi, n'kupanga zawozawo. WITCH nayo inabwerera ndi chimbale cha Zango mu 2023, koma Emmanuel "Jagari" Chanda anachijambula anzake omwe anayamba nawo gululo atamwalira kale. Ndikaganiza zimenezo ndimaona kuti Deep Purple inali ndi mwayi waukulu mu 1984. Onse asanu anali moyo, ali ndi mphamvu, zala zikuyendabe, ndipo chowalepheretsa chinali mitima yawo basi.

Anthu anachilandira. Ku Britain chinafika pa nambala 5, ku America pa nambala 17, ndipo kumeneko chinagulitsidwa makope oposa miliyoni imodzi. Ulendo unayambira ku Perth, Australia, kumapeto kwa Novembala 1984, ndipo ku Sydney George Harrison anakwera pa nsanja kudzaimba nawo "Lucille". Ku America mu 1985 mabwalo ankadzaza. Kwawo ku England anaimba ku Knebworth pa 22 Juni 1985, mvula ikugwa, anthu pafupifupi 80,000 ataima m'matope. Nyimbo zatsopano zinkaimbidwa pakati pa "Highway Star" ndi "Space Truckin'" ndipo sizinkamveka ngati alendo, chomwe n'chovuta kwa gulu lililonse lobwererana, chifukwa anthu amagula tikiti kudzamva zakale.

Mtendere sunakhalitse. The House of Blue Light ya 1987 inajambulidwanso ku Stowe, koma inavuta, inatenga nthawi, ndipo oimba ake omwe anadzanena pambuyo pake kuti sanakhutire nayo. Tauni ndi mapiri zinali zomwezo, koma njala yofuna kuonetsa dziko kuti akadali amoyo inali itatha, ndipo zotsala zinali zokangana zakale. Gillan anachotsedwa mu 1989, Joe Lynn Turner wa ku Rainbow n'kulowa pa Slaves and Masters mu 1990, zomwe zinangotsimikiza kumene Blackmore ankakokera gululi. Gillan anabwerera pa The Battle Rages On mu 1993, koma pa ulendo wa chimbale chimenecho zinthu zinafika poipa. Ku Birmingham, makamera akujambula, Blackmore anachedwa kukwera pa nsanja ndipo atakwera anaponyera madzi wojambula kanema. Anaimba komaliza ndi Deep Purple ku Helsinki pa 17 Novembala 1993. Joe Satriani anamalizitsa ulendowo ku Japan, kenako Steve Morse analowa mu 1994. Pa Purpendicular ya 1996, chimbale choyamba chichokere Blackmore mu 1993, nyimbo zonse zinalembedwanso kuti ndi za anthu asanu.

Lord anapuma pa gululi mu 2002 kuti akapeke nyimbo za magulu akuluakulu a zoimbira, ndipo anamwalira ndi khansa pa 16 Julayi 2012 ali ndi zaka 71. Pamene Deep Purple inkalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame mu 2016, Lars Ulrich ndiye anayankhula, mkazi wa Lord anadzalandira m'malo mwa mwamuna wake, ndipo Blackmore sanabwere. Iye wakhala akuimba nyimbo za mtundu wakale wa ku Ulaya ndi Candice Night kuyambira 1997. Gillan, Glover ndi Paice anapitiriza, Don Airey ali pa limba ndipo Simon McBride ali pa gitala kuyambira 2022, n'kutulutsa chimbale china mu 2024. Pa nyimbo zonse za nthawi yobwererana ija, "Perfect Strangers" ndiyo inakhazikika pa mndandanda wa zomwe ankaimba pa nsanja kwa zaka zambirimbiri, ndipo kawirikawiri ankaiika pambuyo penipeni pa gawo lomwe woimba limba amaimba yekha, kuti iye ndiye aitsegule.